Gulu lathu lilipo koma ndalama sizikuoneka, tigogode khomo liti?

Funso la ulendo uno lachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu, mlembi wa gulu lomwe likuyendetsa sukulu ya mkombaphala m'mudzi mwawo. Akuti: "Tilipo anthu 16, ana amene timawasamala amapitirira 70, timaphunzitsira m'chisakasa cha udzu ndipo ufa wa phala umatithera Disembala asanafike. Talembapo makalata ku mabungwe angapo koma palibe watiyankha. Pano kwabwera bambo wina akuti timupatse K150,000 atilembere pulopozo, atilumikizitsenso ndi azungu. Kodi thandizo la magulu ngati lathu limapezeka kuti, nanga bamboyu timupatse?"

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi bamboyo poti ndi amene wakuimirirani pakhomo: musamupatse. Sindikuti aliyense wolemba mapulopozo ndi wakuba ayi, alipo ena odziwa ntchito yawo ndipo kulipira munthu amene wakugwirirani ntchito si tchimo. Chandiopsa ine ndi mawu achiwiriwo, oti akulumikizitsani ndi azungu. Palibe donor (wopereka thandizo) weniweni amene amadutsira kwa dobadoba, ndipo palibe amene amalipiritsa kuti awerenge pempho lanu. Mufunseni bamboyo dzina la bungwe lomwe akufuna kutumizako, tsiku lotsekera kulandira mapempho, ndi gulu limodzi lokha lomwe analilembera nkulandiradi ndalama, akupatseni nambala ya wapampando wake muimbe nokha. Mukaona ayamba kuzungulira kuti izi ndi zachinsinsi, aaa basi mwadziwa.

Ine ndakhalapo pa tebulo losankha mapulopozo ku bungwe lina lomwe sinditchula. Tsiku lina tinapeza mapulopozo atatu ochokera m'maboma atatu osiyana koma mawu ake ofanana ndendende, moti wolembayo anaiwala kusintha dzina la mudzi pa tsamba lachinayi, gulu la kumpoto likukamba za mfumu ya ku Chigwa cha Shire. Onse atatu tinawaika pambali, ndipo chomvetsa chisoni nchakuti mwina magulu aja anali ogwiradi ntchito, anangogula pepala kwa munthu mmodzi.

Tsono tibwere ku makalata anu osayankhidwawo. Nthawi zambiri vuto silikhala Chingerezi chanu kapena kalembedwe. Vuto ndi lakuti wowerengayo sakukudziwani, ndipo alibe womufunsa za inu. Kumbukirani mmene zinakhalira zaka za m'ma 2000 pamene ndalama za Edzi zinkabwera kudzera ku National AIDS Commission, ma CBO, magulu a m'midzi ngati lanuli, anamera ngati bowa, mudzi uliwonse chikwangwani chake. Ndalama zitachepa ambiri anazimirira kutsala zikwangwani zokha zochita dzimbiri m'mbali mwa msewu. Kenako 2013 kunabwera Cashgate, ma donor anayamba kuyang'ana lisiti lililonse la ku Malawi ndi diso lofiira. Ndiye mu 2025 boma la America linatseka USAID, bungwe lake lothandiza mayiko ena, mabungwe akuluakulu omwe ankagawirako timagulu ting'onoting'ono nawonso ali pa mzere womwewo kusaka. Nde mukamalemba kalata dziwani kuti ikukagwera pa mulu, ndipo funso loyamba la wowerengayo si lakuti kodi anawa akuvutikadi, poti aliyense pa mulupo akuvutika, funso lake ndi lakuti kodi anthuwa ndikawapatsa ndalama adzandionetsa kumene zapita?

Ndiye tiyeni tione kaye zomwe muli nazo m'chikwama. Simunandiuze ngati gulu lanu linalembetsedwa. Ngati ayi, ulendo woyamba ndi wa ku boma, ku ofesi ya Social Welfare ku khonsolo, ndi kumene ma CBO ndi sukulu za mmera mpoyamba za m'midzi zimalembetsedwa. Mutenge malamulo a gulu olembedwa, mayina a komiti, maminitsi a misonkhano ndi kalata ya amfumu. Mukapeza setifiketi pitani nayo ku banki mukatsegule akaunti m'dzina la gulu, osayinira atatu, awiri azisayina pamodzi potapa, ndipo chonde asakhale mwamuna ndi mkazi wake kapena munthu ndi mlamu wake. Ndalama za gulu zosungidwa pa Airtel Money ya amsungichuma zathetsa maubale ambiri, olo amsungichumawo akhale a Mvano okhulupirika chotani.

Ena adzakuuzani kuti muthamangire kukhala NGO. Musafulumire. Lamulo la ma NGO la 2001 linasinthidwa mu 2022, NGO Board ija, yoyang'anira ma NGO, pano ndi NGORA, ndipo kukhala m'kaundula wawo kumabwera ndi zolipira chaka ndi chaka, malipoti, komanso mabuku owunikidwa ndi ma audita omwe salipidwa ndi nthochi. Gulu la anthu 16 lomwe likusowa ufa wa phala lingodzimangirira mtolo. Khalani CBO yolongosoka kaye, za NGORA ndi CONGOMA (mgwirizano wa ma NGO) zidzabwera ntchito ikakula.

Palinso pepala lina lomwe anthu amaliiwala mpaka litawaluma: malo. Chisakasa chanucho chili pa malo a ndani? Ngati amfumu kapena banja lina linangoti "mangani apa", pemphani kuti zilembedwe, asayine amfumu, a gulupu, ngati nkotheka a T/A adindepo chidindo, ndi akubanja lomwe linapereka malowo asayinenso. Ndaonapo nyumba ya malata yomangidwa bwinobwino, agogo omwe anapereka malo atamwalira adzukulu nkubwera kuti ndi pamunda pathu, pano mukugona anthu. Ma donor omanga amadziwa nkhani zoterezi ndipo amafunsa.

Tsopano makomo ogogoda. Loyamba lili pafupi kuposa mmene mukuganizira, ndipo ndikhalitsapo apa chifukwa ndi lomwe magulu ambiri amalilumpha pothamangira azungu. Chiyambireni lamulo la maboma aang'ono la 1998, chitukuko chimayenera kuyambira ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), kupita ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la T/A), nkukalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse. Ngati nyumba ya mkombaphala yanu mulibe mu pulani ya mudzi ija amati VAP, ndiye kuti pa pepala vuto lanu kulibe. Pitani ku msonkhano wa VDC, osangotuma, mukaonetsetse kuti lalembedwa, mukatsatirenso ku ADC. Ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha dera la MP) ndi za chitukuko cha khonsolo zimayenera kutsata mapulani amenewa. Inde tonse tikudziwa kuti CDF ili ndi ndale zake, pena imapita kumene kunachokera mavoti, koma a khansala kapena a MP akafuna chomanga chooneka ndi maso, gulu lomwe lili kale ndi mchenga, miyala ndi pepala la malo ndi limene limawapepukira.

Chachiwiri pa khonsolo pomwepo, ndipo ichi ndiye chinsinsi chomwe bambo wanu uja sangakuuzeni: bungwe lililonse lalikulu likamalowa m'boma ndi pulojekiti limakayamba lafotokoza ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe. Likatuluka mmenemo limafunsa a Social Welfare kuti kodi kwa T/A wakuti kuli magulu ati amoyo oti tigwire nawo ntchito? Ofesala uja amatchula magulu amene akuwakumbukira. Amakumbukira ndani? Amene amamutumizira lipoti. Tsamba limodzi lokha miyezi itatu iliyonse, lolemba pamanja olo, ana angati anyamata angati atsikana, alezi angati ndipo ophunzitsidwa ndi angati, phala linaphikidwa masiku angati, ana angati apita Sitandade 1. Mumupatsire wa Child Protection wa m'dera lanu kapena mukasiye nokha, kope ina musunge. Zikuoneka zachabechabe koma ndalama zambiri zomwe ndaona zikufika ku ma CBO zinadzera njira imeneyi, osati pa intaneti.

Chinanso mayi, m'funso lanu muli zopempha ziwiri, nyumba ndi phala, ndipo izi sizipemphedwa khomo limodzi. Mukaziphatikiza m'kalata imodzi pamodzi ndi njinga, mayunifolomu ndi alawansi ya alezi, wowerenga amangoona dengu la mavuto.

Za nyumba, alipo omwe ntchito yawo ndi kumanga. Press Trust yakhala ikumanga midadada ya sukulu ndi zipatala m'dziko muno kwa zaka zambiri. Beit Trust, yomwe inakhazikitsidwa mu 1906, imathandiza mayiko atatu okha, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo imakonda zomangamanga za sukulu ndi zipatala. Ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe ili ndi thumba la mapulojekiti a kumudzi lomwe amalitchula GGP. Koma ndisakunamizeni, onsewa amakonda wopempha yemwe ali ndi mbiri ya mabuku a ndalama, monga sukulu yokhazikika, chipatala cha mishoni, khonsolo kapena NGO. Gulu ngati lanu kulowa lokha nkovuta. Njira yake ndi kukwera pamsana pa wamkulu: parishi kapena dayosizi, sinodi, bungwe la Chisilamu, kapena NGO ya m'boma lanu yomwe ingapemphe m'dzina lake, ndalama nkusunga iyo, inu nkukhala eni ntchito. Zikatero mulemberane pepala lomveka, ndani agula zipangizo, ndani asayina, ndalama zingati zitsala kwa iwo za ofesi, chifukwa kukwera pamsana pa mnzako opanda pangano umatsitsidwa pakati pa mtsinje.

Ndipo musanayambe kuumba njerwa funsani kaye. Kuyambira 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi mapulojekiti akuluakulu, ndiye ma donor ambiri pano amafuna mabuloko a simenti kapena njerwa zopanikiza zija. Zimapweteka mudzi wonse kuumba uvuni wathunthu kenako nkuuzidwa kuti sizigwira ntchito. Mchenga, miyala, madzi ndi manja anu ndi zomwe zimalandiridwa paliponse.

Za phala ndiye nkhani ina. Ma donor ambiri sakonda kugula chakudya chifukwa chikatha mubweranso mawa. Mary's Meals, yomwe inayambira konkuno mu 2002, imadyetsa ana m'sukulu koma sipereka ndalama m'manja, imabweretsa ufa m'madera omwe yasankha mogwirizana ndi boma, ndiye apanso dzina lanu liyenera kudziwika ku khonsolo. Pempho lomwe limamveka bwino ndi la munda wa gulu: tili ndi ekala imodzi yomwe amfumu atipatsa, makolo azilima, tikupempha mbewu ya chimanga ndi soya, feteleza matumba akuti, ndi matumba osungira a PICS. Pempho lotere ndi laling'ono, lili ndi mathero, ndipo mutha kupita nalo kwa alangizi a zaulimi, ku kampani yogulitsa mbewu, ku nthambi ya banki yomwe mwatsegulako akaunti, ku Rotary kapena Lions. Makampani amakonda chinthu choti abwere ajambulitse atavala magolofu a kampani, musanyansidwe nazo, bola feteleza watsika.

Alipo mabungwe akunja omwe amaperekadi ndalama kwa magulu a kumudzi kuno ku Malawi, monga Firelight Foundation, Egmont Trust ndi Segal Family Foundation, koma kawirikawiri amapeza magulu atsopano kudzera mwa anzawo omwe akugwira nawo kale ntchito, osati kalata yongogwa. Ndiye funsani m'boma lanu kuti ndani akulandira kwa amenewa, mukacheze nawo, muwaitane adzaone ana. Ena ali ndi mzere wawowawo: Tilitonse Foundation ndi za ulamuliro wabwino ndi kuti nzika zizilondoloza atsogoleri, MEET ya ku Blantyre ndi thumba la GEF Small Grants lodzera ku UNDP ndi zachilengedwe, African Women's Development Fund ya ku Accra ndi ya mabungwe otsogozedwa ndi amayi omenyera ufulu wa amayi. Ndawatchula kuti muwadziwe, osati kuti mawa musinthe gulu la mkombaphala likhale lobzala mitengo chifukwa mwamva kuti ndalama zili ku mitengo. Magulu osinthasintha khungu ngati bilimankhwe amaoneka msanga, chaka chino Edzi, chaka chamawa nyengo, chinacho ma albino, ndipo palibe chomwe amachidziwa bwino.

Musasokonezenso thandizo ndi ngongole. Za thumba la boma lija lodziwika ndi dzina loti NEEF ndi ngongole, zimabwezedwa ndi chiwongoladzanja, ndipo sukulu ya mkombaphala sipanga phindu loti mubwezere. AGCOM, pulojekiti ya boma ya zaulimi, imapereka thandizo losabweza koma ndi la makopaletivi a alimi omwe ali ndi msika ndipo nawonso amaikapo gawo lawo. Ngati mamembala anu amalima soya kapena mbatatesi mwina tsiku lina njira imeneyo idzakuthandizani ngati alimi, koma ndi nkhani yapadera.

Pali khomo lina lomwe timalinyoza chifukwa ndi la kwathu. Mudzi wanu uli ndi ana ake ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Joni, ena aphunzitsi ena asilikali ena ali m'mashopu ku Cape Town. Anthu amenewa pa maliro amasonkha tsiku limodzi ndalama zogulira bokosi ndi kubweretsa thupi kuchokera kutali, ndiye ndalama zilipo, chimene amaopa ndi kudyeredwa. Tsegulani gulu la WhatsApp, munene chinthu chimodzi chokha, mwachitsanzo malata 40, mtengo wake uwu kotesheni iyi, aliyense akatumiza pa Mpamba, Airtel Money kapena Mukuru dzina ndi ndalama zilembedwe pagulupo tsiku lomwelo, mukagula mujambule lisiti ndi malatawo. Mukachita kamodzi mokhulupirika ulendo wachiwiri amayamba okha kufunsa kuti chatsala nchiyani. Onjezani Paper Sunday ku tchalitchi, kapena banki mkhonde ya gulu yomwe gawo lina la chiwongoladzanja lizipita ku phala. Ndipo izi zimagwira ntchito pawiri, chifukwa tsiku lomwe mudzalembere donor wamkulu mudzatha kunena kuti tinasonkha tokha zakutizakuti, malisiti ndi awa. Palibe chiganizo champhamvu mu pulopozo kuposa chimenecho. Za GoFundMe zomwe achinyamata angakuuzeni, dziwani kuti munthu ali ku Malawi sangatsegule yekha, pamafunika wina wa kunja monga ku Britain kapena America, ndiye ndalama zimayamba zalowa mu akaunti ya munthuyo. Akhale munthu woti mukhoza kukawauza amayi ake akakuzembani.

Nanga mungadziwe bwanji kuti kwatuluka mwayi? Nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zimatulutsa zidziwitso zoitana mapulopozo, pa bolodi la ku khonsolo amamatanso, ndipo m'maboma ambiri muli netiweki ya mabungwe yomwe ili ndi gulu la WhatsApp, pemphani akuikenimo. Pa intaneti pali fundsforNGOs, zina amaonetsa ulere zina amalipiritsa, koma zambiri ndi za mabungwe akuluakulu, musathere bandulo pamenepo. Mukaona chidziwitso werengani kaye gawo lonena oyenera kupempha. Akati ma NGO olembetsedwa ku NGORA okha, kapena maboma a Nsanje ndi Chikwawa okha, musavutike, sadzakumverani chisoni. Ndipo ma linki oyendayenda pa WhatsApp aja oti bungwe la UN likugawa madola lembani apa mutumize kwa anthu 20, kapena imelo yoti mwapambana tumizani ya processing, ndi akuba basi. Bungwe lenileni silikupemphani PIN kapena kandalama kotsegulira.

Kalembedwe ka pulopozo sikovuta ngati mmene amakuopsezerani. Ngati apereka fomu, tsatani fomuyo osawonjezera. Ngati palibe, masamba awiri kapena atatu akwana. Musayambe ndi zoti Malawi ndi dziko losauka lopanda nyanja yamchere, wowerengayo akudziwa, mwina amakhala ku Area 10. Yambani ndi za inu: ana 70 ochokera m'midzi yakuti, mvula ikagwa sukulu imatsekedwa masiku akuti chifukwa chisakasa chimadontha, pulayimale yapafupi ili pa mtunda wakuti. Manambala achokere m'kaundula wanu weniweni, osakokomeza, poti akabwera kudzaona nkupeza ana 30 pomwe munalemba 200 nkhani yathera pomwepo ndipo amauzana. Kenako zomwe mwachita kale nokha, chomwe mukupempha, ndi mmene zidzayendere iwo akapita. Mphunzitsi wa ku pulayimale kapena wa ku CDSS atha kukuthandizani Chingerezi, koma maganizo akhale anu, kuti akadzafunsa amsungichuma kuti bajetiyi munaipanga bwanji asadzayang'ane pansi.

Pa bajeti tengani makotesheni enieni, atatu ngati nkotheka, ndipo mulembe tsiku lomwe munatenga mitengoyo. Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, magulu omwe anali atalemba bajeti miyezi ingapo m'mbuyo anapezeka ndalama ya nyumba yonse ikuthera pa lintala. Kuyankhidwa kumatenga miyezi, pena chaka, ndiye ikani kagawo ka zogwa mwadzidzidzi ndipo mufunse ngati amalola kuunikanso mitengo. Gawo lanu, mchenga, miyala, masiku omwe anthu agwire ntchito, liikeni mtengo lionekere mu bajetimo. Ma alawansi ndi zakumwa za pa misonkhano zikachuluka kuposa simenti, wowerenga amatseka fayilo.

Poti mumasamala ana, yembekezerani kufunsidwa za chitetezo chawo. Lembani tsamba limodzi la malamulo: mlezi sakhala yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, palibe kumenya, nkhanza zikaoneka zikanenedwa kwa ndani. Zithunzi za ana muzijambula makolo atavomera, ndipo musasankhe mwana wamamina wong'ambika malaya kuti ndiye akope azungu, ana amenewa ali ndi eni ake ndipo adzakula.

Ndalama zikadzabwera, olo zikhale K300,000 yokha, zigwiritseni ntchito yomwe munapempha. Kukagwa maliro kapena vuto lina musatapepo kuti tibweza, imbani foni kwa anakupatsaniwo mufunse. Lipoti litumizeni tsiku lisanakwane, ndipo zikavuta nenani msanga, ma donor amakhululuka khoma logwa ndi mvula koma sakhululuka kukhala chete.

Ndiye ngati K150,000 ija munasonkha kale, nayi ntchito yake: thiransipoti ya anthu awiri kupita ku Ntcheu boma kukalembetsa ndi kukadziwana ndi a Social Welfare, yotsegulira akaunti, hadikava ziwiri, ina ya ndalama ina ya maminitsi, buku la malisiti, chidindo cha gulu, ndi fayilo yosungira zonsezi kuti chiswe chisadye. Yotsalayo gulani mbewu ya soya mvula isanagwe. Bambo uja mumuuze mwaulemu kuti komiti yati idikire kaye, ndipo ngati akufunadi kuthandiza abwere Loweruka kudzatuta nawo mchenga.